ZIWETO NDI UMOYO: Kagalu kamaphunzira malo odzithandizira potsata nthawi, osati ndi chikwapu

LILONGWE – Kagalu kakangofika pakhomo, masiku awiri oyamba amakhala a chimwemwe. Ana amalimbirana kukanyamula, ndipo dzina limapezeka dzuwa lisanalowe. Koma pofika tsiku lachitatu mayi wa pakhomopo amakhala atakolopa pabalaza kangapo, mkeka uli padzuwa, ndipo wina m'banjamo wathyola kale kachikwapu.

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amasokera. Madokotala a ziweto ndi akatswiri a khalidwe la agalu amagwirizana kuti kagalu kokodza m'nyumba sikachita mwano. Thupi lake silinakhwime, ndiponso palibe amene wakasonyeza malo oyenera. Chikwapu sichikuza chikhodzodzo ndipo sichilozera malo. Chomwe chimathandiza ndi kutsata nthawi: kukatulutsa panja pamene thupi lake likufuna, kupita nako pa malo amodzimodzi, ndi kukayamikira pomwepo kakachita bwino.

Nkhaniyi siithera pa fungo la pabalaza. Chimbudzi cha kagalu nthawi zambiri chimakhala ndi mazira a njoka za m'mimba zomwe zimadwalitsa anthu, makamaka ana okwawa ndi osewera padothi. Galu akamadzithandiza pa malo amodzi, kuwola chimbudzi chake tsiku ndi tsiku sikuvuta. Akamadzithandiza paliponse, bwalo lonse limasanduka nkhokwe ya matenda. M'nkhani ino mawu oti "kudzithandiza" akuimira zonse ziwiri, kukodza ndi kubiba.

Galu wa m'tauni alibe tchire

Agalu akhala ndi anthu a m'chigawo chino kwa zaka zoposa 1,000. Galu wa makolo, wa ubweya waufupi ndi thupi lopepuka, anali mlenje komanso mlonda. Ndi galu yemweyu amene bungwe la Africanis Society of Southern Africa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1998, limalimbikitsa kuti asungidwe ndi kulemekezedwa. Kumudzi galuyu amagona pakhonde kapena pafupi ndi khola, ndipo akafuna kudzithandiza amangolowera kuthengo. Palibe womuphunzitsa, chifukwa palibe chitseko chomutsekereza.

Mu 1990 bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization, mogwirizana ndi la World Society for the Protection of Animals, linafalitsa malangizo momwe linagawa agalu m'magulu potengera mmene amadalira anthu ndi mmene kayendedwe kawo kamaletsedwera. Agalu ambiri a kumudzi ali ndi eni ake koma amayenda momasuka. M'mizinda monga Blantyre, Lusaka, Harare, Tete ndi Johannesburg muli gulu lina: agalu okhala mkati mwa mpanda wa njerwa, geti lotseka, bwalo lili lothira simenti, ndipo ena ali m'nyumba zosanja zopanda bwalo n'komwe. Ntchito yomwe tchire linkagwira yagwera mwini galu.

Pali vuto linanso. Tiagalu tomwe timagulitsidwa m'mphepete mwa misewu ya m'tauni nthawi zambiri timakhala titasiyanitsidwa ndi make tisanakwane milungu 8, msinkhu womwe madokotala a ziweto amalangiza. Kagalu kotere kamafika pakhomo kali kofooka, kodzala njoka za m'mimba, ndiponso kozolowera kugona ndi kudzithandiza m'katoni imodzimodzi. Kamaphunzirabe, koma kamafuna kudekha kochuluka.

Mmene thupi la kagalu limagwirira ntchito

Kagalu kobadwa kumene sikatha kukodza kapena kubiba pakokha. Make amakanyambita pamimba ndi kumbuyo kuti thupi limasuke, ndipo amatero kwa milungu pafupifupi 3. Kuyambira pamenepo tiagalu timayamba kutuluka pogona n'kukadzithandiza chapatali pang'ono. Chibadwa chosafuna kuipitsa pogona chimenechi ndicho maziko a maphunziro onse. Mwini galu sakuyambitsa khalidwe lachilendo. Akungolozera komwe "chapatali" kuli.

Kakafika pa miyezi iwiri, kagalu kamayamba kuzolowera mtundu wa malo omwe kamaponda podzithandiza, kaya ndi udzu, dothi, mchenga, simenti kapena nsalu. Kozolowera manyuzipepala kapena chiguduli kamadzafunafuna chofanana nacho, ndipo m'nyumba chofanana nacho ndi kapeti, mkeka kapena zovala zogwera pansi. N'chifukwa chake banja lomwe lili ndi bwalo likuyenera kuyambira panja tsiku loyamba lomwe.

Ophunzitsa agalu ali ndi kawerengedwe kachidule: kagalu kopuma kamatha kusunga mkodzo kwa maola ofanana ndi miyezi yake, mwina kuwonjezerapo ola limodzi. Ka miyezi 2 sikapitirira maola 2 kapena 3. Ka miyezi 4 sikapitirira maola 4 kapena 5. Awa ndi malire, osati nthawi yoti n'kudikira dala. Kagalu kali maso ndi kusewera kamatha kufuna kukodza mphindi 30 zilizonse. Tiagalu tambiri timayamba kudalirika pakati pa miyezi 4 ndi 6, ndipo tina, makamaka ta mitundu ing'onoing'ono, timatenga pafupifupi chaka.

Nthawi zomwe kagalu kamafuna kudzithandiza n'zodziwika: kakangodzuka, kakangodya kapena kumwa, kakatha kusewera, ndiponso kasanagone. Chakudya chikalowa m'mimba, matumbo amayamba kukankha zomwe zinali kale m'kati, motero kagalu kamabiba pasanathe mphindi 30 kuchokera pamene kadya. Zizindikiro zake n'zoonekanso: kusiya masewera mwadzidzidzi, kununkhiza pansi, kuzungulira pamodzimodzi, kulira chapansipansi, kapena kulowera kuseri kwa mpando.

Ndondomeko ya tsiku

Choyamba ndi kusankha malo. Akhale pakona ya bwalo, mkati mwa mpanda, patali ndi khitchini, chitsime, dimba la ndiwo zamasamba ndi pomwe ana amasewera. Asakhale kutali kwambiri ndi khomo, chifukwa kagalu kothinidwa sikayenda mtunda. Dothi kapena udzu waufupi ndi wabwino chifukwa chimbudzi chimaoneka msanga. Okhala m'nyumba zosanja angagwiritse ntchito thireyi yaikulu yothiramo mchenga kapena dothi, yoikidwa pakhonde, yomwe imayeretsedwa tsiku lililonse.

M'mawa, ntchito ina iliyonse isanayambe, kagalu katulutsidwe. Ngati kali kakang'ono, ndi bwino kukanyamula, chifukwa kakayenda kokha kamakodza kasanafike pachitseko. Wokatulutsayo aime nako pamalopo mwachete, kali pachingwe ngati n'kotheka, osasewera nako. Kakayamba kudzithandiza, anene mawu amodzi ofatsa, ndipo kakangomaliza akayamikire ndi kukapatsa kachakudya kokoma. Mphindi 5 zikatha popanda kanthu, abwerere nako m'nyumba, akayang'anire mosaphethira, n'kuyesanso pakapita mphindi 10 kapena 15.

Ulendo umenewu ubwerezedwe kakatha kudya, kakadzuka masana, kakatha kusewera, ndiponso ola lililonse kapena maola awiri alionse m'milungu yoyamba. Kungotsegula chitseko n'kukakankhira panja sikokwanira. Kagalu kosiyidwa kokha pabwalo kamathamangitsa nkhuku kapena kulira pachitseko, kenaka kamalowa n'kukodza pabalaza. Popanda munthu pamalopo, palibenso woyamikira pa nthawi yake.

M'nyumba, kagalu kasapatsidwe ufulu woyenda zipinda zonse. Kakhale m'chipinda momwe muli munthu, zitseko zina zili zotseka. Nthawi iliyonse yomwe kakodza m'nyumba popanda woona, chizolowezi cholakwika chimazika mizu. Ufulu uwonjezedwe pang'onopang'ono, chipinda chimodzi pa nthawi, pakapita milungu ingapo kasanaipitse.

Pa mawu ouzira, anthu ena amaganiza kuti galu amamva Chingerezi chokha. Galu sadziwa chinenero chilichonse. Amagwirizanitsa kamvekedwe ka mawu ndi chomwe akuchita pa nthawiyo. Mawu a Chichewa, Chishona kapena Chipwitikizi amagwira ntchito chimodzimodzi. Chofunika n'chakuti akhale aafupi, monga "kodza" kapena "msanga", ndipo asasinthe. Bambo, mayi, ana, wantchito wa pakhomo ndi mlonda onse agwiritse ntchito mawu amodzi, khomo limodzi ndi malo amodzi. M'mabanja ambiri a m'tauni wotsala pakhomo masana ndiye mphunzitsi weniweni wa kagalu, choncho akuyenera kufotokozeredwa bwino ndondomekoyi ndi kupatsidwa mpata woitsata pakati pa ntchito zake zina.

Nyengo ya dzinja imabweza maphunziro m'mbuyo. Tiagalu tambiri timakana kuponda udzu wonyowa, ndipo eni ake nawonso amachita ulesi kutuluka. Ambulera kapena kadenga kakang'ono pamwamba pa malowo kamathetsa vutoli.

Usiku ndi malo ogona

Popeza kagalu sikafuna kuipitsa pogona, malo ogona aang'ono amakaphunzitsa kudikira. Likhoza kukhala bokosi la waya logula, kakhola ka matabwa kolowa mpweya, kapena kakona kotchinga ndi thabwa. Kukula kwake kukhale kokwanira kuti kagalu kaimirire, katembenuke ndi kugona motambasuka. Malo akakula kwambiri, kamagona mbali imodzi n'kudzithandiza mbali inayo.

Chakudya chamadzulo chiperekedwe kudakali maola atatu kuti anthu agone, ndipo kagalu katulutsidwe komaliza nyali zisanazimitsidwe. Ka miyezi 2 kapena 3 kamafunika kutulutsidwa kamodzi kapena kawiri pakati pa usiku. Ulendo wa usiku ukhale wachete, wopanda masewera, kuti kasazolowere kudzutsa anthu pofuna kucheza. Malo ogonawo akakhala pafupi ndi pogona munthu, kulira kwake kumamveka msanga.

Njirayi isasokonezedwe ndi mchitidwe wofala m'chigawo chino wotsekera galu m'kabokosi kapena kumumanga pa unyolo waufupi tsiku lonse n'cholinga choti akhale wolusa. Kagalu kotsekeredwa maola ochuluka kuposa omwe thupi lake lingapirire kamakakamizika kugona pa chimbudzi chake, ndipo pang'ono ndi pang'ono chibadwa chaukhondo chija chimafa. Kagalu kotere ndiko kovuta kwambiri kukaphunzitsa. Kuwonjezera apo, kakhola ka denga la malata kali padzuwa la mwezi wa October kangaphe kagalu ndi kutentha. Ngati pakhomo sipatsala munthu kwa maola ambiri, kagalu kasiyidwe m'malo otchinga okulirapo, a mthunzi, okhala ndi madzi, pogona mbali imodzi ndi dothi lodzithandizirapo mbali ina.

Mphotho imaphunzitsa, chilango chimabisa

Mu 1898 katswiri wa ku America Edward Thorndike anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake wa mmene nyama zimaphunzirira. Anapeza kuti nyama imabwereza khalidwe lomwe latsatiridwa ndi chinthu chokoma. B. F. Skinner anakulitsa mfundoyi m'buku lake la mu 1938. Pa mfundo imeneyi ndi pomwe pagona kaphunzitsidwe ka agalu ka masiku ano, ndipo mu 2021 bungwe la American Veterinary Society of Animal Behavior linalengeza kuti njira zodalira mphotho ndizo zoyenera pophunzitsa agalu.

Chinsinsi chili pa nthawi. Galu amagwirizanitsa mphotho ndi chomwe wachita m'masekondi ochepa apitawo. Kachidutswa ka nyama yophika kapena kausipa kamodzi kaperekedwe panja pomwepo. Kakaperekedwa kagalu katabwerera m'khitchini, kamaphunzira kuti cholipidwa ndi kulowa m'nyumba, ndipo kamayamba kufulumira kubwerera kasanamalize.

Lamulo la nthawi lomweli ndilo limachititsa kuti chilango chilephere. Mwini galu akabwera kuntchito n'kupeza mkodzo womwe unatayika maola awiri apitawo, n'kumenya kagalu kapena kukakhudzitsa mphuno pamkodzopo, kagaluko sikatha kulumikiza ululuwo ndi kukodza kuja. Chomwe kamaphunzira n'chakuti munthuyu ndi woopsa akafika pakhomo. Ngakhale kakagwidwa kali m'kati mokodza n'kumenyedwa, phunziro lomwe kamatolapo ndi lakuti kukodza pamaso pa munthu n'koopsa. Zotsatira zake, kamayamba kubisala kuseri kwa sofa kapena kunsi kwa bedi, ndipo panja kamakana kudzithandiza mwini wake akaima pafupi. Chilango sichichotsa vutolo. Chimangolisamutsira pomwe maso safika.

Eni agalu ambiri amatsutsa mfundoyi ponena kuti galu amadziwa kulakwa kwake, popeza amagwetsa makutu, kupinda mchira ndi kuyang'ana kumbali. Mu 2009 Alexandra Horowitz wa ku Barnard College, mumzinda wa New York, anayesa chikhulupiriro chimenechi ndi agalu 14. Eni ake ankaletsa agaluwo kudya chakudya china, n'kutuluka m'chipinda. Pobwerera, ena ankauzidwa zoona ndipo ena zabodza pa zomwe galu wachita. Nkhope ya "wolakwa" ija inkaoneka kwambiri galu akakalipiridwa, kaya anadya kapena sanadye, ndipo inkaoneka koposa pa agalu omwe anamvera koma n'kukalipiridwa. Nkhopeyo ndi yopepesera munthu wokwiya, si umboni wa chikumbumtima.

Choyenera kuchita n'chosavuta. Kagalu kakapezeka kakuyamba kukodza m'nyumba, kanyamulidwe mofatsa kupita pa malo ake, ndipo kakamalizira kumeneko kayamikiridwe. Ngati chapezeka ndi chithaphwi chokha, palibe chonena. Pangofunika kukolopa ndi kudzifunsa kuti ndi ulendo uti wa panja womwe unaphonyedwa.

Fungo lomwe munthu salimva

Mphuno ya galu ili ndi timaselo tomva fungo toposa 200 miliyoni, pamene ya munthu ili ndi pafupifupi 6 miliyoni. Pomwe pakolopedwa n'kuoneka poyera kwa munthu, kwa kagalu pamakhala pakunenabe kuti "apa ndi pachimbudzi". Ichi n'chifukwa chake kamabwerera pa malo amodzimodzi.

Mkodzo uyambe wamwetsedwa ndi chisanza, kenaka pamalopo patsukidwe ndi madzi ndi sopo waufa wochapira wa mtundu wokhala ndi ma enzyme, omwe amaphwanya zotsalira za mkodzo. Viniga wosakaniza ndi madzi amachepetsanso fungo. Mkeka kapena mphasa zitsukidwe ndi kuyanikidwa padzuwa. M'nyumba yozira, dothi lonyowalo lipalidwe ndipo pazirenso. Mankhwala otsukira okhala ndi ammonia apewedwe, chifukwa mkodzo ukamaola umatulutsa ammonia yemweyo, ndipo fungo lake limaitana kagalu. Mankhwala oyeretsera monga Jik asathiridwe pa chithaphwi cha mkodzo kapena kusakanizidwa ndi ammonia, chifukwa amatulutsa mpweya wopweteka maso ndi mapapo. Athiridwe pamalo potsukidwa kale.

Fungo lomweli lingathandizenso. Chisanza chomwetsera mkodzo chikaikidwa kwa masiku angapo pa malo osankhidwa aja, kagalu kamazindikira msanga ntchito ya malowo.

Chakudya chimalamula nthawi ya chimbudzi

Kagalu kodya pa nthawi yodziwika kamabiba pa nthawi yodziwika. Ka milungu 8 mpaka 12 kadye kanayi pa tsiku, ka miyezi 3 mpaka 6 katatu, ndipo kopitirira apo kawiri. Mbale ichotsedwe pakapita mphindi 15 kapena 20. Kuponyera kagalu nyenyeswa nthawi iliyonse yomwe anthu akudya kumasokoneza ndondomeko yonse. Madzi akumwa asamanidwe, makamaka m'nyengo yotentha.

Mabanja ambiri amadyetsa agalu mkute wa nsima kapena phala la gaga. Pazokha zakudyazi sizikwanira kukuza kagalu, ndipo zimachulukitsa chimbudzi. Pamafunika nsomba, nyama yophika kapena mazira. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri, monganso kusintha chakudya mwadzidzidzi ndi ndiwo zotsala za mafuta ndi tsabola. Anyezi ndi chokoleti ndi poizoni kwa agalu. Kagalu kotsegula m'mimba sikangathe kudzigwira ngakhale kataphunzira bwino chotani.

Chomwe chili m'chimbudzi cha kagalu

Njoka ya m'mimba yotchedwa Toxocara canis imalowa mwa tiagalu tidakali m'mimba mwa make, motero tambiri timabadwa nayo. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku. Mazirawa saoneka ndi maso, ali ndi chikamba cholimba, ndipo amakhala amoyo m'dothi kwa miyezi yambiri, ngakhale zaka. Mwana akameza dothi lokhala ndi mazirawa, timphutsi timaswa n'kuyenda m'thupi mpaka kuchiwindi, m'mapapo, ndipo nthawi zina m'diso, momwe tingawononge kuona kwake.

Pali mfundo imodzi yofunika kwambiri kwa makolo. Mazira a Toxocara sapatsira matenda atangotuluka kumene. Amafuna milungu 2 mpaka 4 ali m'dothi kuti akhwime. Chimbudzi chowoledwa tsiku lomwelo sichipeza mpata umenewo. Chowopsa ndi chomwe chinaiwalika kuseri kwa nyumba, n'kusungunuka ndi mvula, n'kusakanikirana ndi dothi lomwe mwana akuumbira zidole. Apa ndi pomwe phindu la malo amodzi limaonekera: munthu angawole pakona imodzi m'mawa uliwonse, koma sangasake bwalo lonse.

Njoka ina, ya mtundu wa Ancylostoma, imaswa m'dothi lachinyezi, ndipo pasanathe masiku 10 timphutsi take timatha kuboola khungu la munthu woyenda wopanda nsapato kapena wokhala pamchenga. Timasiya mzere wofiira, wokhotakhota ndi woyabwa kwambiri, womwe ku South Africa amautcha sandworm. Yachitatu, Echinococcus granulosus, imalowa mwa agalu odya zam'kati zaziwisi za nkhosa, mbuzi kapena ng'ombe zodwala, ndipo mwa munthu imayambitsa zotupa zodzala madzi m'chiwindi ndi m'mapapo. Matendawa anadziwika kwambiri pakati pa abusa a ku Turkana, kumpoto kwa Kenya. Mosiyana ndi a Toxocara, mazira ake amapatsira atangotuluka, choncho kusamba m'manja ndi sopo pambuyo powola chimbudzi kapena kugwira galu sikuyenera kuiwalika.

Chimbudzi chiwoledwe ndi fosholo yosungidwira ntchito yomweyo, n'kutayidwa m'chimbudzi chokumba kapena kukwiriridwa mozama patali ndi chitsime. Komwe zinyalala zimatengedwa ndi galimoto, chimangidwe m'thumba. Chisaikidwe m'munda wa ndiwo ngati manyowa, ndipo ntchito yowola isapatsidwe kwa ana aang'ono.

Mankhwala a njoka za m'mimba amayamba kagalu kali ndi milungu 2, n'kubwerezedwa milungu iwiri iliyonse mpaka milungu 8, kenaka mwezi uliwonse mpaka miyezi 6. Mlingo wake umatengera kulemera kwa kagalu, motero uperekedwe motsatira malangizo a dokotala kapena mlangizi wa ziweto.

Katemera, ndi nthawi yoonana ndi dokotala

Chimbudzi chimapatsiranso matenda pakati pa agalu okhaokha. Kachilombo ka parvovirus, komwe kanadziwika mu 1978, kamayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi, kamapha tiagalu tambiri, ndipo kamakhala m'dothi kwa miyezi. Bungwe la World Small Animal Veterinary Association limalangiza kuti katemera ayambe pa milungu 6 mpaka 8, n'kubwerezedwa milungu 2 mpaka 4 iliyonse kufikira kagalu katakwana milungu 16. Katemerayu asanathe, malo odzithandizira akhale mkati mwa mpanda, osati m'mbali mwa msewu momwe agalu ena amadutsa. Pomwe kagalu kodwala kaipitsa, pakatsukidwa pathiridwe Jik wosungunula, gawo limodzi pa magawo 30 a madzi, n'kusiya mphindi 10.

Ulendo wa kwa dokotala ndi mpatanso wolandira katemera wa chiwewe, yemwe kawirikawiri amaperekedwa pa miyezi 3. Chiwewe sichifala kudzera m'chimbudzi, koma kagalu kosewera ndi ana kamaluma ndi kukanda. World Health Organization imati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo 40 mwa 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20.

Si kukodza konse komwe kumatha ndi maphunziro. Kagalu kokodza timadontho pafupipafupi, kodzikakamiza, kolira pokodza kapena kotulutsa magazi kangakhale ndi matenda a chikhodzodzo. Komwa madzi mopitirira muyeso, kodontha mkodzo kali m'tulo, kapena komwe kanaphunzira bwino n'kuyambiranso kuipitsa mwadzidzidzi, kakuyenera kupimidwa. Kosanza ndi kotsegula m'mimba kathamangitsidwe kwa dokotala tsiku lomwelo, chifukwa madzi amatha msanga m'thupi laling'ono.

Palinso kukodza kwa mantha kapena chisangalalo. Tiagalu tina timagona chagada n'kudontheza mkodzo munthu akatiweramira kapena akatilankhula mokweza. M'chinenero cha agalu uku ndi kudzichepetsa, ndipo kukalipira kumangokukulitsa. Kumachepa ngati anthu alonjera kagaluko mofatsa, atanjuta, ali panja, ndipo nthawi zambiri kumatha kakamakula. Kuyambira miyezi pafupifupi 6, agalu aamuna amayamba kukweza mwendo n'kusiya timikodzo pa makoma ndi miyendo ya mipando posonyeza dera lawo. Uku si kuiwala maphunziro, koma kumafuna kuyang'anira mwatsopano ndi kutsuka bwino, ndipo dokotala angalangize za kufula.

Milungu yochepa, zaka zambiri

Galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 kapena kuposerapo. Ntchito yomuphunzitsa malo odzithandizira imatenga miyezi yochepa chabe ya moyo umenewo, ndipo gawo lolemetsa ndi milungu itatu kapena inayi yoyamba. Mabanja omwe amalephera pa gawoli nthawi zambiri amathera pomanga galu pa unyolo kuseri kwa nyumba, kumupereka kwa ena, kapena kumutsegulira geti kuti azikadzionera yekha, n'kuwonjezera chiwerengero cha agalu oyendayenda opanda katemera m'misewu.

Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Banja lomwe likuganiza zotenga kagalu liyambe ladzifunsa mafunso atatu kasanafike: malo ake odzithandizira adzakhala pati, adzakatulutsa ndani masana ndi usiku, ndipo fosholo adzaigwira ndani m'mawa uliwonse ana asanatuluke kukasewera.